Kamera ikaloza kwina: Ethiopia, Somalia ndi Rwanda

Pa 23 Okutobala 1984, wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa lipoti lochokera ku Korem, kumpoto kwa Ethiopia. Mtolankhani anali Michael Buerk, wojambula anali Mohamed Amin wa ku Kenya. Anthu a ku Britain anaona chigwa chodzaza anthu ofooka ndi njala, ana ongotsala mafupa okhaokha, mitembo ikukulungidwa. Njalayo sinayambe tsiku limenelo ayi. Mabungwe othandiza anali atachenjeza kwa miyezi yambiri, maboma olemera n'kumangozengereza. Koma zithunzizo zitatuluka, NBC ya ku America ndi mawailesi ena ambiri anazionetsanso, thandizo n'kuyamba kukhamukira ku Ethiopia. Pa 13 Julaye 1985 oimba otchuka anachita zoimbaimba zosonkhetsa ndalama zothandizira anjala, zotchedwa Live Aid, ku London ndi ku Philadelphia, anthu a m'maiko ambirimbiri akuonera nthawi imodzi.

Mphamvu imeneyi imachokera kuti? Nkhani za madzulo zimatenga pafupifupi theka la ola, ndipo nkhani iliyonse imapatsidwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Mkonzi akamasankha zoti zilowe, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Zithunzi zilipo?" Nkhani yopanda zithunzi, ngakhale ikhale yaikulu bwanji, imatsalira. Kuti zithunzizo zipezeke pamafunika ndalama za ndege, chilolezo cha boma la kumaloko, ndi njira yozitumizira msanga. Ndiye zomwe woonera amayesa kuti ndiwo mavuto aakulu a dziko lapansi, kawirikawiri ndi mavuto a komwe kamera inakwanitsa kufika.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi ichi. Kamera imajambula bwino mwana wanjala, koma chomwe chabweretsa njalayo sichijambulika. Ku Ethiopia mvula inavutadi, komanso kunali nkhondo pakati pa boma la Mengistu Haile Mariam ndi magulu omenyana nalo ku Tigray ndi ku Eritrea. Asilikali a boma ankaphulitsa misika, kutseka njira za chakudya, kenako kusamutsa anthu mokakamiza kupita kummwera. Mu Seputembala 1984 boma lomwelo linawononga chuma chambiri kukondwerera kuti latha zaka 10 likulamulira, anthu kumpoto akufa. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières litadzudzula zosamutsa anthuzo, linathamangitsidwa m'dzikomo chakumapeto kwa 1985. Woonera wa ku London zonsezi sanazimve mokwanira. Anaona chilala, anamva chisoni, anapereka ndalama. Chifundo chakecho chinapulumutsa miyoyo, sitingatsutse. Koma chinasiyanso chithunzi chomwe chikutisautsabe mpaka lero, chakuti Africa ndi mwana wotupa mimba amene akudikira mzungu.

Ku Somalia zinayenda mwachangu. Mu Disembala 1992 pulezidenti wa America George H. W. Bush anatumiza asilikali kukateteza chakudya cha anthu anjala. Asilikaliwo atatsika pagombe la Mogadishu usiku, anapeza atolankhani atafika kale, magetsi a makamera ali ngwee. Mu Okutobala 1993 asilikali 18 a America anaphedwa pankhondo ya mumzindamo, ndipo ma TV anaonetsa mtembo wa msilikali ukukhwekhwerezedwa mumsewu. Pasanathe sabata, pulezidenti Bill Clinton, yemwe analowa m'malo mwa Bush, analengeza kuti asilikali ake adzakhala atachoka pofika kumapeto kwa Malichi 1994. Asomali omwe anafa pankhondo yomweyo anali mazanamazana, koma nkhope zawo sizinakhale nkhani.

Ambiri anayamba kunena kuti zithunzi ndi zomwe zinalowetsa America ku Somalia, ndipo zithunzi ndi zomwe zinaitulutsa. Maganizowa anawatcha "CNN effect", potengera dzina la CNN, wailesi ya kanema ya nkhani ya ku America. Ine ndimawalandira pang'ono chabe. Ofufuza omwe anabwerera kukawerenga malipoti a 1992 anapeza kuti nthawi zambiri atolankhani ankatsatira akuluakulu a ku Washington omwe anali atayamba kale kukankha nkhani ya Somalia. TV imagwedeza atsogoleri akakhala kuti sanamange mfundo. Akamanga, zithunzi sizisuntha kanthu.

Rwanda ndi umboni wowawa. Kuyambira pa 7 Epulo 1994, anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa m'masiku 100. Mwezi womwewo atolankhani ambiri a maiko akunja anali ku South Africa kudikira chisankho cha pa 27 Epulo, chomwe chinapatsa Nelson Mandela utsogoleri. Zithunzi za kuphana kwenikweniko zinali zochepa kwambiri, ndipo malipoti ambiri oyambirira ankangoti ndi mitundu iwiri, Ahutu ndi Atutsi, yomwe imadana kuyambira kale, pomwe unali upandu wokonzedwa ndi akuluakulu, mayina a oti aphedwe atalembedwa. America, ikukumbukira mtembo wa ku Mogadishu uja, sinafune kuyandikirako. Pa 21 Epulo bungwe la United Nations linagwirizana zochepetsa asilikali ake osungitsa mtendere kufika pa 270. M'dzikomo, mawu omwe ankafika m'makomo ambiri anali a wailesi ya RTLM, yomwe inkatchula anthu mayina ndi kuloza komwe abisala.

Makamera anadzachuluka mu Julaye, ku Goma m'dziko la Zaire (lero DR Congo), komwe anthu a ku Rwanda pafupifupi 1 miliyoni anathawira boma lomwe linatsogolera kuphanako litagonja, ndipo kolera inali kupulula. Apa zithunzi zinalipo, zofanana ndi za ku Korem, ndipo ndege za thandizo zinabwera msangamsanga, asilikali a America nawo n'kufika ndi makina oyeretsera madzi. Pakati pa othawawo panali asilikali a boma lakale ndi achinyamata a Interahamwe, gulu lomwe linkapha Atutsi, ndipo sanachedwe kulanda ulamuliro wa misasayo ndi kuyamba kugawa okha chakudya chomwe oonera TV anasonkha.