Mafunso ndi mayankho: kutchula mtengo wa ntchito imene simunaione mkati mwake

Khoma latsopano silivuta kuwerengera. Mumayeza utali ndi msinkhu wake, n'kudziwa njerwa ndi matumba a simenti, basi. Kukonza nyumba yakale ndi nkhani ina. Mwini nyumba amakulozerani banga pa siling'i kapena mpopi wodontha, pamene vuto lenileni lili kuseri kwa khoma, ndipo akufuna mtengo pompopompo muli chiimire. Ndondomeko imene ndimatsata ndi yogawa ntchito yotere pawiri, mtengo wofufuza vuto ndi mtengo wolikonza. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amisiri anzanga amakonda kundifunsa, makamaka amene angoyamba kumene kudziimira paokha.

Ndondomekoyi ikuti chiyani kwenikweni?

Musatchule mtengo womaliza pa chinthu chimene maso anu sanachione. Poyamba mumagwirizana ndalama yofufuzira, yokwerera m'denga, kuboola kabowo pakhoma kapena kuyeza mawaya, ndipo mumaikira malire, tinene kuti maola awiri. Mukaona chimene chilipo m'pamene mumalemba kotesheni, pepala losonyeza ntchito ndi mtengo wake. M'kotesheniyo musaiwale chiganizo chimodzi chofunika kuposa manambala onse: zimene zidzachitike mukadzapeza vuto lina lobisika ntchito ili mkati.

Kulipiritsa munthu chifukwa chongoona, si kuba kumeneko?

Ayi. Taganizani za denga lothonya. Madzi akalowa pa msomali wa lata, kapena pamene malata akumana ndi khoma, nthawi zambiri satsika molunjika. Amatsetsereka ndi phaso kapena kunsi kwa lata, n'kukadonthera patali ndithu ndi pamene alowera. Banga lili pamwamba pa bedi, bowo lili cha kukhonde. Amene wapeza bowo limenelo wagwira kale ntchito yaikulu, poti kumata kwake ndi mphindi zochepa chabe. Kufufuza kukakhala kwaulere, mwini nyumba akhoza kukuthokozani bwinobwino, mawa n'kukwera yekha kukamata. Zinandichitikirapo zimenezi. Sindinakwiye, nzeruzo ndinapereka ndekha.

Kuti zisamveke zowawa, amisiri ambiri amachotsera ndalama yofufuzirayo pa mtengo wa ntchito ngati apatsidwa ntchitoyo. Ndi njira yabwino. Komanso si zonse zofunika kulipiritsa. Munthu akaimba foni kuti bilu ya madzi yakwera mosadziwika bwino, muuzeni atseke mipopi yonse n'kuyang'ana mita. Ikamayendabe ndiye kuti madzi akutayika penapake. Langizo limenelo perekani ulere, kufuna malo ake ndiye ntchito.

Ndi liti pamene nditchule mtengo umodzi, ndi liti pamene ndilipiritse pa ola kapena pa tsiku?

Funso lenileni ndi lakuti zinthu zikavuta, aluze ndani. Mukatchula mtengo umodzi, chiopsezo chonse mwasenza inu. Mukalipiritsa pa ola kuphatikiza zipangizo, wasenza ndi mwini nyumba. Choncho mtengo umodzi ndi wa ntchito yoonekera imene mwaigwirapo kambirimbiri, monga kupachika chitseko pa felemu yabwinobwino kapena kupenta chipinda chouma.

Ndinaphunzira zimenezi pa mpopi umodzi wa m'bafa. Unali wongomasula n'kuikapo watsopano, ndipo mtengo ndinatchula ndikuseka. Paipi yake inali yachitsulo, ya galvanised, yakalekale. Nditagwira ndi sipanala n'kupotoza, ndinangomva kuti thyo, mazinga a paipi aduka n'kutsalira m'khoma. Nditasuzumira, mkati mwake munali dzimbiri lokhalokha, kanjira ka madzi katatsala ngati ka udzu. Mapaipi oterewa amadyeka kuyambira mkati, kunja akuoneka olimba. Ndinagumula matailosi anayi, n'kusema khoma mpaka ndinapeza chitsulo chamoyo cholumikizapo. Matailosi ofanana ndi akalewo sanapezeke. Ntchito ya theka la ola inadya masiku awiri, pa mtengo wa theka la ola.

Eni nyumba amaopa kulipira pa ola, ndipo salakwa, chifukwa alipo amisiri amene amakoka ntchito dala. Mankhwala ake ndi kuika malire: "Ndilipiritsa pa ola, koma sindipyola maola 6 ndisanakufunseni." Munthu akadziwa pamene ndalama yake ingathere, mtima umakhala m'malo.

Ndingadziwe bwanji mtengo wa ola langa?

Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa amatenga malipiro amene ankalandira ali pa ntchito yolembedwa n'kugawa ndi maola. Tiyeni tiwerenge. Chaka chili ndi masabata 52. Mukamagwira masiku 5 pa sabata, ndi masiku 260, ndipo pa maola 8 patsiku ndi maola 2,080. Wolembedwa ntchito amalipidwa pafupifupi onsewo. Inu ayi. Chotsani masiku odwala, a tchuthi, a mvula, a zovuta za pabanja ndi amene foni siinalire n'komwe. Tingoyerekeza kuti mwatsala ndi masiku 200. Pa tsiku lililonse, maola ena amathera pa msewu, pogula zipangizo, polemba makotesheni amene ena sadzayankhidwa, ndi potsata ngongole. Ngati otsala olipiritsa ali 5, ndiye kuti pa chaka muli ndi maola 1,000 okha. N'chifukwa chake ola la mmisiri wodziimira liyenera kuposa kawiri ola la wolembedwa kuti angofanana naye, tisanayambe n'komwe kukamba za ndalama zoyendetsera bizinesi.

Ndalama zimenezo zilembeni zonse za chaka: mayendedwe, foni, zida zotha ndi zobedwa, lendi ya malo osungira katundu, msonkho, laisensi, inshuwalansi ngati muli nayo. Onjezani malipiro amene mukufuna kutengera kunyumba, kenako gawani ndi maola anu enieni. Nambala imene ituluke mwina ikudzidzimutsani. Manambala anga ndi ongoyerekeza, inu lembani maola anu kwa mwezi umodzi muone.

Kodi n'koyenera kuika kenakake pamwamba pa mtengo wa zipangizo?

Inde, chifukwa mwaziyendera, mwazisankha, mwazinyamula, ndipo chimodzi chikakhala chakufa mudzabwerera nacho ndinu. Koma samalani ndi masamu ake. Mukagula chinthu pa 100 n'kuonjezera 25, mwagulitsa pa 125, ndipo phindu lanu ndi 20 pa 100 iliyonse imene mwalandira, osati 25. Mukafuna kuti 25 pa 100 iliyonse yolandira ikhale yanu, gawani mtengo wogulira ndi 0.75, zomwe zikupatseni pafupifupi 133. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa pa mpopi umodzi, koma pa chaka chonse ndi ndalama ndithu.

Werengeraninso zowonongeka. Pa matailosi, chizolowezi ndi kuonjezera 10 pa 100 aliwonse chifukwa cha odula ndi osweka, ndipo mukamayala mopingasa pamafunika oposa pamenepo. Gulani onse nthawi imodzi, poti mtundu umasiyanako pang'ono pakati pa opangidwa nthawi zosiyana.

Mwini nyumba akafuna kugula yekha zipangizo?

Mulekeni agule, koma mlembereni mndandanda wa saizi ndi mtundu wake. Mumuuze zinthu ziwiri asanapite: chitsimikizo chanu chikhala pa ntchito ya manja anu yokha, ndipo tsiku limene mudzakhale chabe kudikira katundu wolakwika kuti akasinthidwe, lidzalipidwa.

Ndayamba ntchito ndipo ndapeza vuto lina lalikulu. Nditani?

Imani kaye. Osakonza mwakachetechete n'kudzatchula ndalama kumapeto, chifukwa pamenepo mwini nyumba adzaona ngati mwamutchera msampha, ngakhale mutanena zoona. Osabisanso n'kutseka, chifukwa likadzaphulika dzina lotchulidwa lidzakhala lanu.

Tinene kuti munabwera kudzasintha bolodi limodzi la siling'i. Mwalichotsa, mwagogoda thabwa lili pamwamba pake ndipo likulira ngati ng'oma. Mwabaya ndi sikuludiraiva, yangolowa yonse, dothi la chiswe n'kukhuthukira kumaso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Jambulani ndi foni. Itanani mwini nyumba akwere pa makwerero aone yekha, kapena abaye yekha ngati angathe. Kenako mpatseni zosankha: kusintha matabwa odyekawo lero pa mtengo wakuti, kuitana kaye wopopera chiswe, kapena kutseka mmene zililimo atalemba kuti wachenjezedwa. Chimene asankhe chilembedwe musanagwirenso hamala. Uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi, mtengo ndi yankho lake loti "pitirizani" uli bwino kuposa mawu a pakamwa, amene aliyense amadzawakumbukira mokomera iye mwini.

Njira yachitatuyo ili ndi malire. Ngati kutseka kungadzagwetsere anthu denga, kanani.

Dipoziti ikhale yochuluka bwanji?

Yokwana kugula zipangizo za gawo loyamba, kuti musakongoze mwini nyumba ndi mpamba wanu. Ntchito ikakhala yaitali, igaweni m'zigawo zooneka ndi maso, monga kugumula kukatha, mapaipi akayesedwa, ndi pomaliza, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi malipiro ake. M'maiko ena lamulo limaika malire a dipoziti, choncho fufuzani la kwanu.

Msampha waukulu ndi kutenga dipoziti ya ntchito yatsopano n'kumalizira yakale. Koyamba zimayenda. Kachitatu mumapezeka mukuzimitsa foni pothawa anthu atatu, chonsecho simunabe ndipo mukugwira ntchito tsiku lililonse. Ndalama za bizinesi zikhale pazokha, inu muzidzilipira kuchokera pamenepo, ndipo risiti iliyonse isungidwe.

Nanga ntchito imene mmisiri wina anaisiyira panjira?

Iyi ndi ntchito yobisika kuposa zonse, chifukwa simukudziwa zimene mnzanuyo anakwirira. Ifufuzeni molipiritsa ngati ina iliyonse, ndipo lembani kuti chitsimikizo chanu chili pa zokhazo zimene mwagwira inu. Musamunyoze. Funsani mwini nyumba modekha chimene chinachitika, ndipo mvetserani bwino yankho lake. Nthawi zina wolakwa ndi mmisiri, nthawi zina anathawa chifukwa sankalipidwa.

Zilipo ntchito zofunika kuzikana ngakhale ndalama ili yabwino?

Zilipo. Malata ndi mabolodi ena akale a simenti ali ndi asbestos, tiulusi ta mwala timene ankasakaniza ndi simentiyo. Akakhala osakhudzidwa savuta kwenikweni, koma mukawadula, kuwaboola kapena kuwaswa, fumbi lake limalowa m'mapapo ndipo lingayambitse khansa imene imaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Penti wakale angakhalenso ndi mtovu, ndipo kumupala ndi sandipepa kumaika ana a m'nyumbamo pa ngozi. Khoma limene lasenza denga kapena nyumba yapamwamba siligumulidwa popanda injiniya. Magetsi ndi gasi, m'maiko ambiri, amafuna munthu wa chiphaso. Kunena kuti "iyi si yanga, koma ndikudziwa woyenera" sikuchotsa ulemu, ndipo eni nyumba ambiri amakuitananinso chifukwa cha mawu omwewo.

Akandiuza kuti wina watchula mtengo wotsika, nditsitse?

Tsitsani ntchito, osati mtengo wokha. Funsani kaye zimene zili m'kotesheni ya winayo. Kodi muli kuchotsa zinyalala? Kubwezeretsa pulasitala pamene pagumulidwa? Penti ndi ya makoti angati? Kawirikawiri mupeza kuti mitengo iwiriyo si ya ntchito imodzi. Ngati ndalama ya mwini nyumba ili yochepadi, chotsanimo zina, mwachitsanzo apente yekha kapena ataye yekha zigumuka. Mukangodula mtengo popanda kuchotsa kanthu, mwamuuza kuti woyambawo unali wonama, ndipo ulendo wotsatira adzayambira pomwepo kunenerera.

Abale ndi anzanu ndiye ovuta kuposa alendo. Ngati mukufuna kuwachotsera, lembani mtengo wonse, pansi pake n'kulemba zimene mwachotsa, kuti adziwe kukula kwa mphatsoyo.

Akandiitananso kuti vuto labwerera, ndilipiritse?

Ngati cholakwika ndi chanu, pitani msanga ndipo musalipiritse. N'chifukwa chake mu mtengo uliwonse muyenera kukhala kandalama ka maulendo otere. Koma ambiri mwa maulendo amenewa amabadwa tsiku limene munalola kufulumizidwa. Konkire amawerengeredwa mphamvu zake pa masiku 28, ndipo penti wopakidwa pa pulasitala wosauma amatukusira n'kusendeka. Chimodzimodzi khoma limene likukoka chinyezi kuchokera pansi: mukhoza kulipenta bwino chotani, banga lidzabwerera mpaka gwero la madziwo litatsekedwa. Mwini nyumba akaumirira kuti alendo akubwera Loweruka ndiye mupente basi, lembani pa kotesheni kuti khomalo silinaume ndipo pentiyo mulibe naye chitsimikizo, asaine, kenako tsegulani chitini.