Mtima wa zaka 60 umaonekera pa zaka 30

Munthu akauzidwa kuti BP yake ili pa 160/100, kawirikawiri yankho limakhala limodzi: "Koma adokotala, ine sindikumva kupweteka paliponse." Ndipo sakunama. Kuthamanga kwa magazi sikupweteka. Munthu amadzuka, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kugwira ntchito tsiku lonse, pamene m'kati mitsempha ikuuma pang'onopang'ono ngati paipi yokhalitsa padzuwa. N'chifukwa chake ife azachipatala tikafuna kudziwa mmene mtima wanu udzakhalire zaka 20 kapena 30 zikubwerazi, sitidalira mmene mukumvera lero. Timayeza.

Nzeru imeneyi inayambira m'tauni ya Framingham ku America, komwe mu 1948 ofufuza anayamba kutsatira anthu 5,209, kuwayeza zaka ziwiri zilizonse, n'kumaona amene akudwala mtima kapena kufa ziwalo. Anapeza kuti matendawa sagwa ngati mphezi. Amene ankadwala kwambiri anali a BP yokwera, osuta fodya, a shuga ndi a mafuta ochuluka m'magazi, ndipo zimenezi zinkaoneka kale zaka zambiri munthu asanagone m'chipatala.

Mu 2010 bungwe la ku America loona za matenda a mtima la American Heart Association linasonkhanitsa zinthu 7 zoyezera thanzi la mtima, ndipo mu 2022 linawonjezerapo tulo kuti zikhale 8. Zinayi ndi zochita za munthu: kadyedwe, kulimbitsa thupi, fodya ndi tulo ta maola 7 mpaka 9. Zinayi zinazo n'zapasikelo ndi m'magazi: kulemera kwa thupi, mafuta a m'magazi, shuga ndi BP. Chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 100, ngati mayeso a kusukulu, kenako amaphatikiza n'kugawa ndi 8. Wofika 80 ali pabwino, wosafika 50 ali pachiopsezo.

Malikisiwa amalosera zakutsogolo chifukwa mtsempha suiwala. BP ya 150 ya tsiku limodzi siiwononga kanthu, koma ya zaka 20 imakhuthalitsa mnofu wa mtima, imatopetsa impso, imafooketsa timitsempha ta mu ubongo. Shuga ndi utsi wa fodya zimakanda khoma la mtsempha, mafuta n'kumamatirira pokandikapo. Choncho funso si lakuti nambala yakwera bwanji basi, komanso yakhala pamwambapo nthawi yaitali bwanji. Mnyamata wa zaka 28 amene BP yake yayamba kale kukwera amandidetsa nkhawa kuposa agogo amene yawayamba ali ndi zaka 70.

Pali amene amanditsutsa: "Agogo anga ankasuta chingambwe koma anafika zaka 90." N'zoona, alipo otero. Malikisiwa sanena za munthu mmodzi. Amanena kuti mukatenga anthu 100 okhala ngati agogowo ndi ena 100 osasuta, maliro a mtima adzachuluka mbali iti. Agogo amene anapulumuka timawakumbukira. Anzawo amene anapita ali ndi zaka 55 sitiwawerenga.

Kwathu kuno, pa zinthu 8 zija, ine ndimaika BP patsogolo. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Zotsatira zake timaziona m'mawodi: sitiroko, mtima wotupa, miyendo yodzaza madzi. Ndipo mchere ndiwo ukusonkhezera moto. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Werengani wa m'ndiwo, wa mu usipa wouma, wa m'timakyubu tokometsera, ndi uja timawaza pa tchipisi cha pachiwaya tisanalawe n'komwe.

Chinthu china chimandimvetsa chisoni. Bambo wa ku Ndirande amene amayenda wapansi kupita ku ntchito ku Makata amapitirira kutali mphindi 150 zolimbitsa thupi zimene zimafunika pa sabata, ndipo mgaiwa wa nyemba ndi bonongwe umene amadya modandaula ungamupatse malikisi abwino. Akakwezedwa pantchito amagula galimoto, nkhomaliro imasanduka kanyenya ndi zakumwa zotsekemera, mimba imatuluka, abale n'kumati, "Koma ndiye zikukuyenderanitu achimwene." Malikisi a mtima amatsika pamene ulemu ukukwera. Sindikunena kuti umphawi ndi mankhwala, ayi. Wosauka uja amapuma utsi wa makala tsiku lililonse, ndipo mwana wake akadwala zilonda zapakhosi osalandira mankhwala akhoza kuwonongeka mavavu a mtima, tizitseko timene timaongolera magazi mumtima. Zimenezi, pamodzi ndi HIV imene nayonso imawonjezera chiopsezo, mulibe m'malikisi a ku America aja.

Malikisi amasintha. Wosiya fodya, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika ndi pafupifupi theka. Kuyeza mafuta a m'magazi n'kovuta kwa ambiri chifukwa cha mtengo, koma BP imayezedwa pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kaya ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa. Mukafika mwawefuwefu, khalani pansi mphindi zisanu kaye. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa, mukayezetsenso tsiku lina, ndipo pemphani kuti manambalawo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi deti. Akakuyambitsani mankhwala nambala n'kutsika, musasiye poganiza kuti mwachira: yatsika chifukwa cha mankhwalawo.