Usilikali suumitsa chiberekero

Kuno ku Salima, mtsikana akangotchula zolowa usilikali, azakhali amagwira pakamwa: "Mwanawe, kumeneko ukauma m'mimba, palibe adzakukwatire, ndipo imvi sudzaziona." Mawu amenewa ndawamva pamjigo, ndawamvanso m'minibasi ya ku Senga Bay anthu akuloza asilikali aakazi a ku sukulu ya usilikali ya MAFCO. Amandiwawa, chifukwa si zoona.

Chimene chimachitika n'chakuti maphunziro akafika povuta, munthu akuthamanga mbandakucha atabereka chikwama cholemera koma chakudya chikuchepa m'thupi, msambo umatha kuima kwa miyezi ingapo. Zimawachitikiranso akazi othamanga mipikisano. Akapuma n'kumadya mokwanira, nthawi zambiri msambowo umabwerera wokha, chiberekero chili bwinobwino.

Za banja ndi imvizo, taonani Mfumukazi Elizabeth II ya ku Britain. Mu 1945 analowa gulu la asilikali aakazi la ATS, komwe anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza magalimoto, manja ali bii ndi oilo. Anakwatiwa mu 1947, anabereka ana anayi, ndipo anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 96, ataona zidzukulutudzi.