Torre del Oro ya ku Sevilla: Dzina ndi la Golide, Ntchito Inali Yolondera Mtsinje

Alendo ambiri amafika pa Torre del Oro, mu mzinda wa Sevilla kummwera kwa Spain, atamva kale kuti m'nsanjayi ndi mmene mafumu ankabisa golide wochokera ku America. Dzinalo limatanthauzadi "nsanja ya golide", koma inamangidwa mu 1220 ndi 1221, kudakali zaka zoposa 270 kuti Columbus awoloke nyanja. Chuma cha ku America chitayamba kufika, chinkalembetsedwa ku Casa de Contratación, ofesi ya zamalonda imene inakhazikitsidwa mu 1503, ndipo ndalama ankazisula ku Casa de la Moneda, chapafupi pomwepo. Dzinalo ndi lakale kuposa zonsezi, linalipo kale m'Chiarabu. Pokonza nsanjayi mu 2005, akatswiri anapeza kuti makoma ake ankamatidwa ndi laimu wosakaniza ndi udzu, ndipo dzuwa likawomba ankanyezimira mwachikasu mpaka pamadzi.

Eni ake oyamba anali a Almohad, Asilamu ochokera ku Morocco amene ankalamulira derali, ndipo amene analamula kuti imangidwe ndi bwanamkubwa Abu l-Ula. Lero imaoneka ngati yaima yokha, koma kale inali mapeto a linga lochokera ku nyumba yachifumu ya Alcázar, lodzera pa nsanja ina yocheperako ya mbali 8, Torre de la Plata, n'kudzafika m'mphepete mwa mtsinje wa Guadalquivir. Lingalo linkatsekereza njira yolowera ku Arenal, pamchenga pamene zombo zinkakocheza. Mlonda pamwambapo ankaona chombo chilichonse chokwera mtsinje kuchokera kunyanja, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80.

Nkhani imene imakokedwakokedwa ndi ya unyolo. Mu 1248 mfumu Fernando III ya ku Castilla inali itazinga mzindawu, koma chakudya ndi asilikali zinkalowabe kuchokera ku Triana, tsidya lina, podzera pa mlatho wa mabwato omangidwa pamodzi ndi maunyolo achitsulo. Mlathowo unalipo kuyambira 1171. Pa 3 Meyi, Ramón de Bonifaz, mkulu wa zombo za mfumuyo, anadikira mphepo yabwino, n'kugunditsa zombo ziwiri zolimbitsidwa kutsogolo, mlatho n'kuduka. Mzinda unagonja pa 23 Novembala. Operekeza alendo amakonda kunena kuti unyolo unkachokera pa nsanjayi mpaka tsidya linalo, ndipo chizindikiro cha mzinda wa Santander, kumpoto kwa Spain, chili ndi nsanja, chombo ndi unyolo woduka, pokumbukira amalinyero ake amene anamenya nawo nkhondoyo. Koma chimene chinathyola msana wa mzindawu ndi mlatho uja, umene unali kumtunda pang'ono, pafupi ndi pamene pali mlatho wa Isabel II wa mu 1852.

Musanalowe, tsikirani kaye kugombe n'kuyang'ana kumwamba, chifukwa msewu wa Paseo de Cristóbal Colón unakwezedwa ndipo umabisa tsinde lake. Nsanjayi ndi yotalika mamita 36 ndipo ili ndi zigawo zitatu. Chapansi ndi chachikulu, cha mbali 12. Chachiwiri n'chocheperako, cha mbali 12 chimodzimodzi. Chapamwamba n'chozungulira, chokhala ndi kadenga kachikasu, ndipo anachiwonjezera injiniya Sebastián Van der Borcht mu 1760. Chaka chimenecho ankakonza zimene chinawononga chivomezi cha ku Lisbon cha pa 1 Novembala 1755. Pofuna kuilimbitsa, chipinda chapansi penipeni anachidzaza ndi miyala ndi matope omangira, ndipo khomo limene kale linkatulukira pamwamba pa linga ndi limene linasanduka lolowera. M'zaka za m'ma 1800 linga linagwetsedwa, ndipo mu 1868 nsanjayo inatsala pang'ono kupita nayonso, koma anthu a mu mzindawu anakana.

Pofika nthawi imeneyo doko linali litazirala kale. Zombo zinkakula, pamene mchenga wa pamathiriro a mtsinje ku Sanlúcar de Barrameda unkazititimiritsa zikalemedwa, motero mu 1717 ofesi ya zamalonda ija inasamukira ku Cádiz. Ngakhale madzi amene mukuwaona pansipo si mtsinje woyenda ngati kale: chifukwa cha kusefukira kwa madzi, mtsinje weniweni anaupatutsira kumadzulo kwa Triana, ndipo apa panatsala ngalande ya doko ya madzi odikha.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale za panyanja inatsegulidwa m'nsanjamu mu 1944 ndipo ili m'manja mwa asilikali a pamadzi a dziko la Spain. Ndi yaing'ono, zipinda ziwiri zosanjikizana, ndipo amene akuyembekezera zombo zenizeni adzakhumudwa. Muli tizombo tosema mofanizira zenizeni, mapu a panyanja, makampasi ndi zida zina zopezera njira, zithunzi za akuluakulu a zombo, ndi zojambula za doko lili pachimake. Zojambulazo n'zimene muyenera kuchedwapo, chifukwa mukakwera pamwamba mumatha kulondola pamene zinthu zinali. Pa doko limeneli ndi pamene zombo 5 za woyenda panyanja Magellan zinanyamukira pa 10 Ogasiti 1519, ndipo chimodzi chokha, Victoria, chinazungulira dziko lonse lapansi n'kubwerera pa 8 Seputembala 1522 ndi anthu 18, motsogozedwa ndi Juan Sebastián Elcano.

Mphindi 40 zimakwana. Masitepe ake ndi ozungulira ndi opanikiza, okwera ndi otsika amapatsana mpata, ndipo wovutika mawondo ayambe waganiza. Alendo amathera pakhonde la pamwamba pa chigawo choyamba, pamene pamaoneka Triana ndi Giralda, nsanja ya tchalitchi chachikulu cha mzindawu. Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha nthawi zina kumapitirira madigiri 40 masana ndipo pakhondepo mthunzi ndi wochepa, choncho pitani m'mawa akangotsegula. Siteshoni ya metro (sitima ya pansi pa nthaka) yapafupi ndi Puerta de Jerez, ndipo kuchokera pamenepo ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa.