Zoti amuna a ku France anasiya kutchena si zoona

Ndatopa kumva zoti anthu ataukira ufumu ku France mu 1789, amuna onse anasiya kutchena n'kumavala ngati amphawi.

Kuphana kumene kunabwera ndi kuukirako kutachepa mu 1794, anyamata opeza bwino a ku Paris anatchena mopyola muyeso. Ankakulunga nsalu m'khosi mpaka kubisa chibwano, jekete la kolala yaikulu, tsitsi lolendewera ngati makutu a galu. Chindodo m'manja sichinali chokongoletsa chabe, ankamenyeranso adani awo pa ndale. Anthu anawatcha Incroyables, kutanthauza kuti ukawaona sungakhulupirire.

Zojambula za nthawiyo zilipo pa intaneti. Onani chaka chimene anajambula, koma dziwani kuti zambiri n'zowaseka, ojambula ankakokomeza. Musanatumizire anzanu nkhani zotere, yambani mwafufuza.