Chikumbumtima n'cha bwana, nanga lupu alipire ndani?

Lamlungu masitolo a Hobby Lobby ku America amakhala otseka. Ndi masitolo akuluakulu ogulitsa ulusi, penti, mafelemu a zithunzi ndi zokongoletsera m'nyumba, ndipo pa tsiku limene anzawo opikisana nawo amakolola ndalama, iwo amakhoma zitseko kuti antchito akapemphere kapena akhale ndi mabanja awo. Mwini wake, David Green wa ku Oklahoma City, anayamba mu 1970 ndi ngongole ya madola 600, akukhoma timafelemu pakhomo pake, ndipo sitolo yoyamba anaitsegula mu 1972. Ndayambira pamenepa dala. Anthu ambiri akamva za mlandu wa kampaniyi, umene inasumira boma mpaka kukhothi lalikulu la dzikolo pokana kulipirira antchito ake njira zina zolera, amathamangira kunena kuti banja la a Green linkangofuna kuzemba ndalama. Munthu wozemba ndalama satseka masitolo oposa 500 sabata iliyonse. Chikhulupiriro chawo n'chenicheni, ndipo ngakhale boma silinachikayikire m'khothi. Vuto la mlanduwu lili pena.

Poyamba timvetse chifukwa chake bwana amalowerera nkhani ya chipatala cha wantchito kumeneko. Kwathu kuno mayi wofuna kulera amapita kusikelo kapena kuchipatala cha boma, n'kubayitsa jakisoni wake osalipira, abwana osadziwa n'komwe. Amene ali pa sikimu ya zachipatala ya kuntchito ndi ochepa. Ku America zinthu n'zotembenuka. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1942, boma linaletsa makampani kukweza malipiro mwachisawawa. Antchito anali osowa, choncho makampani anayamba kukopa anthu ndi inshuwalansi ya kuchipatala, imene sinkawerengedwa ngati malipiro. Mu 1954 lamulo la msonkho linakhazikitsa kuti inshuwalansi yotereyi isamadulidwe msonkho. Chizolowezicho chinamera mizu, moti lero pafupifupi theka la anthu a m'dzikolo amadalira inshuwalansi ya kuntchito, yawo kapena ya mnzawo wa m'banja. Kuchipatala n'kodula zedi kwa amene alibe.

Mu Malichi 2010 Barack Obama anasainira lamulo la zaumoyo limene ambiri amangolitchula kuti Obamacare. Lamuloli linati kampani ya antchito okhazikika 50 kapena kuposa iziwapatsa inshuwalansi, apo ayi ilipire chindapusa. Linatinso chithandizo choteteza matenda kwa amayi chizikhala m'katimo, mayiyo osawonjezerapo kakobiri. Mu 2011 nthambi ya zaumoyo inalongosola kuti mawu amenewa akuphatikiza njira zonse zolera zovomerezedwa ndi FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya, zimene zinalipo 20. Matchalitchi anawapatula kuti asakhudzidwe.

A Green si Akatolika, ndipo kulera sankakutsutsa. Njira 16 analibe nazo vuto. Anakana zinayi zokha: mitundu iwiri ya mapiritsi apangozi, Plan B ndi Ella, komanso mitundu iwiri ya lupu. Iwo amakhulupirira kuti moyo umayamba dzira likangokumana ndi umuna, ndipo ankaona kuti njira zinayizi zingalepheretse dziralo kukhazikika m'chiberekero. Kwa iwo kumeneko n'kutaya mimba, ndipo kulipirira n'kutengako mbali pa tchimolo. Banja lina, la a Hahn a mpingo wa Mennonite ku Pennsylvania, eni kampani ya zamatabwa ya Conestoga Wood Specialties ya antchito pafupifupi 950, linadandaula chimodzimodzi, ndipo milandu iwiriyi inaphatikizidwa.

Chilango chake chinali chothyola msana. Kupereka inshuwalansi yopanda njira zinayizo kunali madola 100 pa wantchito aliyense tsiku lililonse. Hobby Lobby inali ndi antchito pafupifupi 13,000, kutanthauza madola 1.3 miliyoni patsiku, pafupifupi 475 miliyoni pachaka. Kusiyiratu kupereka inshuwalansi kukanawadyera madola 2,000 pa munthu pachaka, pafupifupi 26 miliyoni.

Tsopano kumene ife a zamalamulo timakhalitsa. Ambiri amaganiza kuti mlanduwu unaweruzidwa potengera malamulo oyendetsera dziko la America, pamene amanena za ufulu wachipembedzo. Ayi. Unaweruzidwa potengera lamulo wamba la Nyumba ya Malamulo la mu 1993, ndipo mbiri ya lamulolo ndi yosangalatsa.

Mu 1963 mayi wina wa mpingo wa Seventh-day Adventist ku South Carolina, Adell Sherbert, anapambana mlandu kukhothi lalikulu la dzikolo. Anachotsedwa ntchito pafakitale ya nsalu chifukwa chokana kugwira ntchito pa Sabata, ndiye boma linamumana ndalama zimene limapatsa olova. Khothi linati boma likafuna kusenzetsa munthu katundu wolemera pa chipembedzo chake, lisonyeze chifukwa chachikulu kwambiri. Mfundoyi inagwira ntchito zaka zambiri mpaka 1990, pa mlandu wa amuna awiri a ku Oregon amene anachotsedwa ntchito chifukwa chodya peyote, kamtengo koledzeretsa kamene mpingo wa eni nthaka a ku America umagwiritsa ntchito pa mwambo wa mapemphero. Jaji Antonin Scalia analemba kuti lamulo likakhala la aliyense, losalozera chipembedzo china chake, wopemphera alimvere basi, apo ayi munthu aliyense adzakhala lamulo payekha. Mipingo inakwiya, omenyera ufulu nawonso anakwiya, ndipo anthu amene sagwirizana pa china chilichonse anagwirana manja. Mu 1993 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mfundo yakale ija kudzera m'lamulo lobwezeretsa ufulu wachipembedzo lotchedwa RFRA. Ku Senate, imodzi mwa nthambi ziwiri za Nyumbayo, linadutsa ndi mavoti 97 kwa 3, ndipo Pulezidenti Bill Clinton analisainira. Lamulo limene linabadwa chifukwa cha anthu ochepa, opanda mphamvu, ndi limene patapita zaka 21 linadzateteza banja la mabiliyoni. Scalia yemwe uja anali m'gulu la majaji owapatsa chipambano.

RFRA imafunsa mafunso motsatana. Kodi boma lasenzetsa munthu katundu wolemera pa chipembedzo chake? Ngati latero, lili ndi chifukwa chachikulu? Ngati lili nacho, palibe njira ina yofikira cholingacho mosapweteka kwambiri wopempherayo? Koma mafunsowa asanayambe panali chopunthwitsa: lamulolo limateteza "munthu". Kampani ndi munthu? Imapemphera? Imabatizidwa?

Aliyense amene analembetsako kampani amadziwa phindu lake. Kampani ikagwa m'ngongole, okongoza amagwira katundu wa kampani, nyumba yako ndi ng'ombe zako osazikhudza, chifukwa pamaso pa lamulo iwe ndi kampani ndinu anthu awiri. Maloya a boma ananena kuti a Green sangadye mbali zonse ziwiri: pa ngongole kampani ikhale ina iwo ena, koma pa chipembedzo akhale thupi limodzi. Mfundo imeneyi ndimaiona yolemera mpaka lero. Jaji Samuel Alito, polemba m'malo mwa majaji asanu, anayankha kuti lamulo lomasulira mawu la dzikolo limawerengera makampani pa mawu oti munthu, ndipo boma lenilenilo linkavomereza kuti mabungwe achipembedzo osapanga phindu ali ndi ufuluwu. Nanga kupanga phindu kumachotsa bwanji chikhulupiriro? Kuteteza kampani, iye anatero, n'kuteteza anthu amene ali kuseri kwake. Anachepetsa chigamulocho kuti chikhudze makampani okhala m'manja mwa anthu ochepa, monga a banja limodzi, osati amene masheya ake amagulitsidwa pamsika kwa anthu zikwizikwi a zikhulupiriro zosiyana. Koma "ochepa" apa akunena eni, osati antchito. Kampani ya banja ikhoza kulemba anthu ochuluka ngati tauni yathunthu.

Pa funso loti kodi mapiritsiwo amatayitsadi mimba, khothi linakana kulowamo. Linati ntchito yake si kuyeza ngati chikhulupiriro cha munthu n'cholondola, koma ngati amachikhulupiriradi. Madokotala ambiri ankanena kale kuti Plan B imagwira ntchito pochedwetsa dzira kutuluka, ndipo mu Disembala 2022 FDA inasintha zolembedwa papaketi yake kunena poyera kuti sailepheretsa dzira kukhazikika. Zimenezi sizikanasintha chigamulo. Ena amakhumudwa nazo, koma ine pano ndili kumbali ya khothi. Tsiku limene jaji adzayambe kugamula kuti chiphunzitso cha mpingo uwu n'chanzeru, cha mpingo uwo n'chopusa, tonse opemphera tili m'madzi.

Pamene boma linagwera ndi pa funso lomaliza, ndipo linadzitchera lokha msampha. Linali litakonza kale njira yapadera ya zipatala, masukulu ndi mabungwe a mipingo: bungwe lisaine fomu yonena kuti likukana, kenako kampani ya inshuwalansi ilipire zolerazo payokha, bungwelo osatulutsa ndalama, mayi wantchito n'kulandirabe lupu wake kwaulere. Alito anangofunsa kuti, ngati njira imeneyi ilipo, bwanji osaipereka kwa a Green ndi a Hahn? Anati zikatero amayi ogwira ntchito m'makampaniwo sataya kanthu ngakhale pang'ono. Jaji Anthony Kennedy, amene voti yake ndiyo inakwanitsa asanu, analemba payekha kutsindika mfundo yomweyi. Pa 30 Juni 2014 chigamulo chinatuluka, majaji 5 kwa 4.

Gwirani mfundo imeneyo, chifukwa ndi mwala umene nyumba yonse yakhalapo. A Green sanapambane chifukwa chakuti chikumbumtima cha bwana chimaposa thupi la wantchito. Anapambana chifukwa panali lonjezo loti wina alipira.

Jaji Ruth Bader Ginsburg sanalikhulupirire lonjezolo. Polemba zotsutsa, anakumbutsa kuti kuikitsa lupu kumeneko kumadya pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu a munthu wolandira malipiro otsikitsitsa. Taganizirani mayi wa pakauntala, waima tsiku lonse kulandira ndalama za makasitomala, dokotala wamuuza kuti mapiritsi a tsiku ndi tsiku sakugwirizana ndi thupi lake, njira yabwino ndi lupu. Iye si wa mpingo wa abwana. Pofunsira ntchito sanafunsidwe za chikhulupiriro chake, ndipo lamulo sililola kuti akanidwe ntchito chifukwa cha chikhulupirirocho. Inshuwalansiyo si mphatso ya pa Khirisimasi. Ndi gawo la malipiro ake, waikhetsera thukuta. Ginsburg anafunsanso: nanga bwana wa Mboni za Yehova akakana kulipira kuikidwa magazi? Nanga wokana katemera, kapena wokana mankhwala opangidwa kuchokera ku nkhumba? Anakumbutsa mlandu wa mu 1982, pamene mlimi komanso kalipentala wa chipembedzo cha Amish anauzidwa kuti alipire msonkho wa penshoni ya antchito ake ngakhale chikhulupiriro chake chinkaletsa, chifukwa munthu akalowa m'malonda mwa kufuna kwake sangasenzetse antchito malire a chikumbumtima chake. Alito anayankha kuti chigamulo chake n'cha zolera zokha, milandu inayo idzaonedwa payokhapayokha, ndipo palibe amene angabisale m'chipembedzo kuti asankhe antchito potengera khungu.

Mlandu suola, ndipo uwu sunaole. Panatenga chaka, mpaka Julayi 2015, kuti boma limalize malamulo opereka njira yapadera ija kwa makampani a mabanja. Pa nthawi yomweyo njirayo inali itayamba kale kuukiridwa. Masisitere a Little Sisters of the Poor, amene amasamalira okalamba osauka, pamodzi ndi mabungwe ena, anati ngakhale kusaina fomuyo n'kutsegula chitseko cha tchimo. Mu 2016, Scalia atamwalira, majaji asanu ndi atatu otsalawo anabweza nkhaniyi kumakhothi aang'ono kuti mbali ziwirizo zikamvane. Sizinamvane. Mu Okutobala 2017 boma la Donald Trump linatulutsa malamulo olola olemba ntchito ambiri kungotulukamo, pa chifukwa cha chipembedzo kapena cha chikumbumtima chabe, ndipo njira yoti a inshuwalansi alipire inasanduka yosankha bwana mwini. Mu Julayi 2020 khothi lalikulu, majaji 7 kwa 2, linati boma linali ndi mphamvu yopanga malamulo amenewo. Boma lenilenilo linawerengera kuti amayi apakati pa 70,500 ndi 126,400 akhoza kutaya zolera zaulere. M'zaka zisanu ndi chimodzi, "sataya kanthu" uja anasanduka nambala imeneyo.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi amene amaombera m'manja zonse. Kulemekeza chikumbumtima cha munthu n'koyenera, ndipo boma limene lili ndi njira ina koma n'kuumirirabe kuti wopemphera achite zimene mtima wake ukukana, likungoonetsa mphamvu. Adell Sherbert atasunga Sabata lake, mtengo wake unagawidwa kwa okhoma msonkho onse, aliyense kakobiri kosaoneka. Pamene bwana watulukamo popanda wina wolowa m'malo mwake, mtengo wonse umagwera mayi mmodzi amene sanafunsidwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero akuluakulu. Apa wamva m'mimba ndi bwana, koma wodzuka usiku kukatsekula ndi wantchito.

Ndipo funso la Ginsburg lija silinachedwe kupeza mwini. Mu Seputembala 2022 jaji Reed O'Connor wa ku Texas anagamula kuti kampani ya Braidwood Management isakakamizidwe kulipira PrEP, mapiritsi oteteza munthu kuti asatenge HIV, chifukwa mwini wake amakhulupirira kuti kutero n'kulimbikitsa chiwerewere ndi kugonana kwa amuna okhaokha. Lamulo limene anagwiritsa ntchito ndi RFRA yomweyo, ndipo mlandu umene anatsamira ndi wa Hobby Lobby.