Wodwala mtima asabise ngati kunyumba alibe womuthandiza

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni padziko lonse. Zoyambitsa zake n'zodziwika: kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa, mchere wambiri ndi kunenepa mopitirira muyeso. Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ife azaumoyo ndi yankho limene odwala amapereka tikawafunsa ngati ali ndi wowasamalira, lakuti, "Abale alipo ambiri, adokotala."

Kuchuluka kwa abale sikutiuza kanthu. Mayi akhoza kukhala ndi ana asanu ndi awiri, ena ku Lilongwe, ena ku Joni, koma usiku akamabanika n'kusowa womupatsa ngakhale madzi. N'chifukwa chake akatswiri anakonza mafunso oyezera chithandizo chimene wodwala amalandiradi. Mndandanda wa ENRICHD, umene unagwiritsidwa ntchito ku America pa anthu amene anadwala mtima mwadzidzidzi, uli ndi mafunso 7, ndipo umafunsa ngati pali wina wokumverani mukafuna kuyankhula, wokulangizani pa vuto, wokuonetsani chikondi, komanso wokuthandizani ntchito zapakhomo. Mndandanda wina wa ziganizo 12, umene Gregory Zimet ndi anzake anatulutsa mu 1988, umafunsa padera za abale, anzanu ndi munthu wapamtima, ndipo unayesedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao pakati pa amayi oyembekezera ku Mangochi.

Mafunso amenewa sikuti cholinga chake n'kunyozetsa banja lanu ayi. Tikudziwa kuti n'zochititsa manyazi kuulula kuti ana saimba foni, makamaka pamene wokudikirirani waima pomwepo, choncho pemphani kuti muyankhule ndi namwino panokha. Mukabisa, ife timaganiza kuti zonse zili bwino, pamene mankhwala akatha mulibe wopita nanu kuchipatala, ndalama yokwerera minibasi mulibe, ndipo pakhomo akuphikabe ndiwo za mchere wambiri. Wodwala wotero nthawi zambiri amasiya mankhwala n'kumadikira, ndipo amabwera mochedwa, miyendo itatupa kale, mpweya ukuvuta. Mukanena zoona, tikhoza kukambirana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, a mpingo kapena a ku mzikiti, kuti papezeke munthu mmodzi wodalirika.

Kwa abale, tikubwereza: kutumiza ndalama pafoni n'kwabwino, koma sikukwanira. Gwirizanani lero kuti ndani azigona pafupi ndi wodwala, ndani azikumbutsa za mankhwala ndi tsiku la kuchipatala, ndiponso galimoto kapena njinga yamoto mudzaipeza kwa yani pakati pa usiku. Wodwala akamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kukamafika kumkono kapena kunsagwada, akamatuluka thukuta lozizira, akamabanika atagona, kapenanso akakomoka, musadikire kuti kuche ndipo musadikire malume kuti apereke chilolezo. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.